Minti wa Atelala ndi Kachipewa ka Kadona

9 Malichi

Okondedwa Mayi a Kadona,

Ndayamba dala ndi dzina latsopanoli kuti ndione mmene likukhalira papepala. Likukukhalani, ndithu! Mwadzuka bwanji inu ndi mlendo wathuyo? Amayi ali bwanji ndi mwendo uja? Ine kuno ndili bwino, nkhawa yanga ili kwa inu.

Kalata yanu inandipeza kugalaja, ndili pakati popopera penti galimoto ya eni. Nditawerenga kuti ndi wamkazi, ndiponso kuti nonse awiri mwatuluka bwino, ndinangokhala pa tayala. A kapitawo anabwera akuthamanga poganiza kuti ndakomoka. Dzina lenileni mumupatse inu ndi amayi. Ine ndizimutchula Kadona, poti mwati akangolira nyumba yonse imaimirira.

Kangachepe ndatumiza dzulo. Mugule sopo, mafuta a mwana ndi kabulangete kofewa. Zotsalazo muike kumbali, n'za malata. Ndowa musanyamule ayi. Mlamu wanuyo azitunga madzi, manja akewo si maluwa.

Chipinda ndasintha. Chatsopanochi chili pamwamba, kumapeto kwa khonde lalitali, ndipo khoma limodzi ndikugawana ndi bambo wina wachikulire wosoka zovala. Tonse timangowatchula kuti Atelala. Pazenera pawo pali chidebe chakale, ndipo m'menemo muli kachitsamba ka masamba ang'onoang'ono okhakhala. Ati ndi minti. Tsiku lomwe ndinalowa anandiitana kuti ndikamwe tiyi. Anatsina nsonga zingapo, n'kuziika pachikhatho, n'kuomba m'manja kamodzi, pha! Ine ndinati mwina apha udzudzu. Iwo amvekere, “Fungo limagona, mwana wanga. Limafuna kudzutsidwa.” Kenako anaponya masambawo m'tambula, n'kuthira madzi otentha, n'kuvindikira ndi sosala. Basi. Masamba a tiyi ayi, mkaka ayi.

Mayi a Kadona, ine tiyi ndamwa chibadwire, koma izi sindinazionepo. Tambula ikuotcha zala, nthunzi ili tolotolo, koma ukameza kukhosi kumazizira ngati wina watsegula zenera m'kati mwako. Moto ndi chisanu m'tambula imodzi! Ndinayang'ana Atelala, ndinayang'ana kachitsamba kaja.

Anandifunsa kuti, “Nanga fungolo walimva?” Ndinati n'labwino. Kungoti ndili ndi kachimfine kena kouma, kopanda mamina, moti chakudya chikumangokhala ngati ndikutafuna pepala. Katha kokha, musadandaule.

Ndine wanu,
Bambo a Kadona

4 Epulo

Mayi a Kadona,

Moni wochuluka kwa inu, kwa amayi ndi kwa dona wamng'onoyo. Ndamva kuti akuyamwa ngati walipira, tithokoze Mulungu. Ine ndili bwino.

Kachipewa ndakalandira. Envelopu mumamata bwanji inu, ndinachita kung'amba ndi mano! Mwalemba kuti anakavala sabata yathunthu ndipo simunakachape dala, kuti bambo ake amve mmene mwana wawo amanunkhirira pamutu. Mwati palibe fungo lina padziko loposa limenelo. Kachipewako n'kokongola kwambiri. Ulusi wachikasuwo munaupeza kuti? Ndakaveka chibakera changa ndipo kakukwana ndendende. Kamutu kakang'ono chonchi, abale inu, koma m'menemo muli munthu wathunthu!

Tsopano imvani manyazi a mwamuna wanu. Atelala anapita kukaona mwana wawo wamkazi, n'kundisiyira kiyi kuti ndizithirira minti uja. Anati ndikafuna tiyi ndithyole. Ine kungomva kuti thyola, ndinatenga mpeni n'kumweta chitsamba chonse pansi penipeni, ngati ndiwo zamasamba. Ndinati tiyi wabwino ndi wamphamvu. Ndinaponya zonse m'poto, mkaka, shuga, n'kuwiritsa mpaka kubwata kwake kumveke pakhonde. Chimene chinatuluka m'menemo ngakhale galu akanachiuwa. Chotuwa, chowawa, masamba ali bii ngati sanza za kugalaja.

Atabwera anaima pazenera nthawi yaitali, chipewa chili m'manja ngati pamaliro. M'chidebe munali zitsa zokhazokha. Kenako anati, “Minti sawiritsa, mwana wanga. Ukawiritsa, fungo lonse limathawira kudenga, iwe n'kutsala ndi kuwawa.” Ndinapepesa mpaka kugwada. Safunsa anadya phula, lero ndavomera. Pambuyo pake mayi wina wa chipinda chapansi, wogulitsa buledi, anandiuza kuti chitsambacho anadzala ndi malemu akazi awo a Atelala. Tsiku limenelo sindinadye.

Koma iwo sanakwiye. Anangothirira zitsazo madzi n'kunena kuti tiona.

Denga likudontha pati tsopano? Pogona mwana musunthire ku khoma louma lija, ndipo beseni lalikulu musabwereketse aliyense mpaka mvula itatha.

Ndine wanu,
Bambo a Kadona

27 Epulo

Mayi a Kadona,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine m'thupi mulibe pamene pakupweteka.

Mwandifunsa funso limodzi katatu m'kalata imodzi, ndipo kachitatuko mwalemba ndi zilembo zikuluzikulu. Mwati inu simunafunse za ulusi. Chabwino, ndiyankha. Kachipewa ka mwana wathu ndinakaika pamphuno, ndinakoka mpweya mpaka chizungulire, koma sindinamve kanthu. Si chimfine ayi. Mphuno yanga inasiya kumva fungo cha kumapeto kwa chaka chatha. Penti sindimumva, sopo sindimumva. Ngakhale nsapato za mnzanga wina kuntchito, zimene anthu amachita kuthawa, ine ndimakhala nazo pafupi bwinobwino. Poyamba ndinkaseka nazo. Tsiku la kachipewa sindinaseke.

Atelala ndi amene anandigwira. Lamlungu masana ndinateleka nyemba n'kukhala pazenera chofulatira, ndikuzigamba thalauza. Ndinangomva chitseko gwa! iwo alowa ndi ndowa m'manja. Kucheuka, kumbuyo kwanga kuli utsi, poto wapserera mpaka chogwirira. Atazimitsa anandikhazika pampando.

“Tseka maso,” iwo anatero, n'kuika kanthu pamphuno panga. “N'chiyani ichi?”

Ndinati minti, poti kwa iwo chilichonse ndi minti. Nditatsegula maso ndinapeza kuti ndi khoko la lalanje.

Ndinawauza zonse, n'kuwaonetsa kachipewa. Anakagwira ndi nsonga za zala ngati nsalu yodula, ndipo sanakanunkhize. Anati fungo limenelo lili ndi mwini wake. Anapita kuchipinda kwawo n'kubwera ndi chitini cha chivindikiro chothina, chimodzi mwa zitini za pa shelefu pawo, atachikhuthula n'kuchipukuta. “Ika umu, utseke. Usatsegule mpaka mphuno itabwerera. Ukamatsegulatsegula, mphepo ikudyera mwana.”

Nkhani yake ndi imeneyo. Kachipewa kali m'chitini pansi pa pilo, ndipo ine ndikuopa kuti fungo la Kadona litha mphuno yanga isanadzuke. Tchuthi chaka chino sindingapeze. Podzafika ine adzakhala atakula, kafungo ka ukhanda katapita, ndipo kameneko sikabwera kawiri. Lachiwiri ndipita kuchipatala, Atelala achita kundilumbiritsa. Amayi musawauze kaye.

Ndine wanu,
Bambo a Kadona

15 Meyi

Mayi a Kadona,

Muli bwanji? Kachifuwa ka mwana kanatha? Ine ndadzuka bwino.

Kuchipatala ndinapita. Adokotala anandiunika m'mphuno ndi katochi, n'kufunsa ntchito yanga. Nditatchula zopopera penti anangopukusa mutu. Anafunsa ngati timavala zotchinga kumphuno. Ndinati timavala, kungoti n'zakale ndipo timachita kubwerekana. Ati mphuno ikhoza kubwerera, ikhozanso osabwerera, koma ndikapitiriza kukhala m'chipinda chopoperamo ndiye ndingoiwala.

A kapitawo ndinawauza. Zimene anayankha poyamba sindilemba, pepalali mwina angaligwire amayi. Kenako anati pali malo panja, kotsuka magalimoto. Malipiro ake ndi ochepa, ochepa ndithu. Ndikasankha kumeneko, malata chaka chino palibe, ndipo inu ndi mwana mudzaonanso mvula ina muli ndi mabeseni pansi. Ndikakhala kopopera, malata abwera, koma chitini chija ndidzangokhala nacho osadziwa zam'kati mwake. Ndasinkhasinkha mpaka mutu kutentha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amene mukunyowa ndinu. Ndiuzeni, chimene munene ndichita.

Koma ndikuuzeni chimene ndaona ndi maso angawa. Zitsa zija zaphuka! Osati pamene ndinadula pokha ayi. Timitu tatsopano tatuluka m'mphepete monse mwa chidebe, pomwe kale panalibe kanthu. Atelala anafukula pang'ono ndi chala n'kundionetsa. Pansi pa dothi pali timizu toyera tikuyenda chammbali ngati zingwe, ndipo paliponse pomwe tafika pakutuluka mutu. Nthawi yonse ija ine ndikulira maliro pamwamba, iye anali pa ulendo pansi! Ndinanyonyomala pamenepo mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kanthu kopanda maso, kopanda miyendo, kamadziwa bwanji kolowera? Ine ndimayesa ntchito za Mulungu ndi mabingu ndi mapiri. Sindinkadziwa kuti zina amagwirira m'chidebe.

Atelala anangoti, “Ndinakuuza kuti tiona.” Mwezi wamawa tiyambanso kumwa.

Ndine wanu,
Bambo a Kadona

20 Juni

Mayi a Kadona,

Moni kwa nonse. Ndili bwino, kaya inu.

Yankho lanu ndalandira, ndipo ndaliwerenga mpaka pepala lafewa. Mwati denga likadontha mumaika beseni, koma mwamuna wosamva utsi adzapsera m'nyumba ya eni, ndiye malatawo mudzafolera manda? Pakamwa panupo, mayi! Ndaseka, kenako ndapukuta m'maso. Ndasamukira kotsuka magalimoto. Madzi ake m'mawa amaluma zala, koma mpweya ndi wa Mulungu.

Ndatumiza kochepa kuposa kale, chifukwa chake mukuchidziwa. Nsapato zanga zakuda zija mwati mugulitse, gulitsani, zikungodya malo.

Atelala andilowetsa sukulu. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, komanso ndikaweruka, ndimapanga tiyi ndekha iwo akuyang'ana. Mvetserani, mwina mudzafuna. Umatsina nsonga zokha, pamwamba pa masamba awiri, kuti pamenepo padzatuluke nthambi ziwiri. Umatsuka, n'kukutumula madzi. Umaomba kamodzi, osati kufinya ngati ukuchapa. Madzi akawira umaphula ketulo n'kudikira kuti aleke kulankhula. Ukathira umavindikira ndi sosala, kenako umasoka batani limodzi. Imeneyo ndiyo wotchi ya Atelala, ndipo malaya anga onse tsopano ali ndi mabatani. Povundukula, timadontho ta kunsi kwa sosala sutaya, umatigwetsera m'tambula, ati mtima wa tiyi uli m'menemo. Shuga ndi wa kunsonga kwa supuni basi. Ndikudziwa kuti pamenepa inu mwakwinya nkhope.

Ndisanamwe amati ndiweramire nthunziyo n'kukoka pang'onopang'ono, ndikukumbukira fungo lililonse lomwe ndinkalidziwa. Adokotala nawo anati n'zothandiza. Ndimakoka, ndimamva kuzizira kuja kukukwera mpaka pamphumi, koma fungo ayi. Zili ngati kugogoda pakhomo ukumva kuti m'nyumba muli anthu, koma osakutsegulira.

Ndikafooka Atelala amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimawayankha kuti nkhonoyo ilibe mwana amene akukula.

Ndine wanu,
Bambo a Kadona

24 Ogasiti

Mayi a Kadona,

Pepani kuti ndakhala chete. Sindinagone m'chipatala monga mukuganizira, ndipo mkazi wina kulibe, mumuuze mlamu wanuyo asiye nthabwala zopusa. Kunali tina ndi tina ndi eni nyumba, Atelala anandiimira, tidzakamba pamaso. Inu muli bwanji? Amayi?

Mphuno yayamba misala. Mwezi watha ndinayamba kumva fungo, koma limodzi lokha, la tayala lopsa. Buledi tayala lopsa, sopo tayala lopsa, ngakhale tiyi wa Atelala tayala lopsa. Kudya kunasanduka nkhondo, moti lamba ndaboolanso bowo lina. Ndinathamangira kwa adokotala ndili ndi mantha, iwo n'kumamwetulira. Ati ndi mmene imadzukira, ngati mwana wophunzira kulankhula amene chilichonse amachitchula dzina limodzi. Ndiye ine ndi Kadona tili kalasi imodzi.

Mwati wayamba kukhala yekha, ndipo kachipewa konga kaja sikangamulowenso. Ndinasangalala, koma mtima unandilasa. Tsiku lomwelo ndinatulutsa chitini, chala chili kale pa chivindikiro. Ndinati ngakhale ndimve kanthu kakang'ono, bola. Atelala analowa kudzabwereka machesi n'kundipeza. Sanakalipe. Anangoti, “Ukatsegula lero, mwana wako adzakhala tayala lopsa moyo wako wonse.” Ndinachibweza pansi pa pilo.

Minti uja wadzaza chidebe mpaka kulendewera kunja kwa zenera. Munthu sangakhulupirire kuti ndi yemwe ndinamumeta mpala. Wachuluka moti wina tikuyanika pa nsalu, ndipo Atelala akudandaula kuti zosungiramo zawachepera.

Mundipempherere. Pena ndimaopa kuti malata ndinawataya pachabe.

Ndine wanu,
Bambo a Kadona

6 Okutobala

Mayi a Kadona, mkazi wanga,

Moni ndipereka kumapeto, lero sindingathe kudikira. Khalani pansi.

Dzulo m'mawa ndinatsina minti monga mwa masiku onse, maganizo ali kwina. Atelala anali kulowetsa ulusi m'singano. Ndinaomba m'manja, pha! Pomwepo chinthu china chinandimenya kumaso. Si kuzizira kuja ayi, kumene kuja ndikukudziwa. Si tayalanso. Ichi chinali chakuthwa, chotsekemera, chachiwisi, ngati munda wonse mvula itangokata walowa m'mutu mwanga nthawi imodzi. Ndinaima manja ali m'mwamba ngati wakuba wogwidwa.

Ndinati, “Atelala, kodi chinthuchi chimanunkhira chonchi masiku onse?”

Singano inawagwa. Anati, “Masiku onse, mwana wanga.”

Abale inu! Miyezi yonseyi ndakhala ndikumwa chinthu chodabwitsa chonchi osachidziwa! Kenako zina zinayamba kubwera chimodzichimodzi, mafuta a makina osokera, nsalu yosita, buledi wa mayi wa pansi uja. Ndinanunkhiza chitseko, ndinanunkhiza malaya anga. Za malayazo, pepani, mwamuna wanu wakhala akuzunza anthu.

Ndinathamangira kuchipinda kwanga, Atelala pambuyo. Ndinatsegula chitini, n'kuika kachipewa pamphuno.

Minti.

Minti yekhayekha, Mayi a Kadona! Chitini chija n'chomwe Atelala ankasungiramo minti wouma, zaka ndi zaka. Ine sindikanadziwa, mphuno inali itafa. Iwo yawo inazolowera kalekale, sanaganizeko n'komwe. Anagwira mutu ndi manja awiri: “Koma ndinachipukuta!” Ndinaseka, ndinaseka, kenako kusekako kunasanduka kwina. Ndinalira ngati mwana, sindikubisirani. Malata ndataya, miyezi ndadikira, n'kukapeza tiyi m'malo mwa mwana wanga!

Atelala anakhala pabedi pambali panga. Kenako anati, “Tsiku loyamba lija ndinakuuza kuti fungo limatani?” Anatenga kachipewa, n'kukakutumula pazenera kuti minti wa pamwamba achoke. Anakatembenuza kuti mbali yomwe inkakhudza mutu ikhale kunja. Anakaika pachikhatho changa, n'kuvindikira ndi dzanja langa lina.

“Uyu ndi mwana, usaombe,” iwo anatero. “Ingomufunditsa. Tidikire batani limodzi.”

Ndinakafumbata, ndinauziramo mpweya wofunda pakati pa zala, ndinadikira. Batani limenelo linatalika kuposa miyezi yonse ija. Nditatsegula manja pang'ono n'kulowetsa mphuno, minti analipo ndithu. Koma pansi pake, chapatali, ngati munthu akukuitana ali kutsidya, panali china. Mkaka. Sopo wanu uja. Kautsi ka kukhitchini kwathu. Ndipo pakati pa zonsezo panali kafungo kofunda kamene sindinakamvepo chibadwire, koma ndinakadziwa nthawi yomweyo. Munanena zoona, mayi, palibe lina loposa limeneli. Ndinakweza maso kuti ndiwauze Atelala, koma anali atatuluka kale, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Kuntchito ndinachedwa. A kapitawo analankhula zawo, ine sindinamve n'komwe, ndinali kununkhiza sopo wotsukira magalimoto.

Ndakutumizirani timizu ta minti, tokulunga m'kansalu konyowa, kudzera kwa dalaivala amene amakubweretserani katundu uja. Atelala achita kufukula okha. Mudzale m'chidebe, osati m'munda, angakulandeni munda wonse. Mvula ikayamba, chidebecho muziika pamene denga likudontha, chizidzithirira chokha. Ndipo chonde, musawiritse.

Moni kwa amayi, tsopano mukhoza kuwauza. Moni kwa mlamu wanu. Kadona mumunong'oneze m'khutu kuti dzulo m'mawa bambo ake anakumana naye.

Ndine wanu,
Bambo a Kadona